Fumbi la Choko M'mbale ya Malata

12 Febuluwale

Mlongo wanga,

Ndikhulupirira uli bwino pamodzi ndi mlamu wanga ndi ana. Ine kuno kunja kwa dziko ndikadalipo, kungoti msana wayamba kundikumbutsa zaka. Mayi wokalamba amene ndikumusamalayu walemera thupi, ndipo kumuchotsa pabedi kumuika pampando ndi ntchito ya anthu awiri, koma ndimagwira ndekha.

Nkhani yanga ndi iyi: mwana wanga Katswiri wangoti zii. Chiyambire temu ino sanandilembere ngakhale mzere umodzi. Mwana amene amadzaza mapepala kundifotokozera mpaka mtundu wa sokosi za mnzake! Kodi manja anathyoka? Kapena iweyo ndi phunziro lako la mbiri yakalelo mwamuunjikira mafumu akufa m'mutu mpaka waiwala mayi ake amoyo?

Lipoti la mayeso a pakati pa temu nalonso silinafike. Ukudziwa kuti chimene chimandidzutsa m'mawa kuno ndi lipoti limenelo. Ndimalimata pakhoma pamwamba pa bedi langa, ndipo ndikamachapa zofunda za munthu wa eni ake ndimati, palibe kanthu, mwana wanga ndi nambala wani. Umuuze kuti malo amenewo asawataye. Kamtsikana kamene kamamutsatira pambuyo kaja ndikudziwa kuti sikagona.

Ndikanaimba foni ya ku ofesi ya ahedi anu, koma mlembi wawo uja amamvetsera ndi makutu onse awiri, mawa lake nkhani ili pamsika. Ndiye ndiyankhe msanga. Ndinamusiya m'manja mwako chifukwa sukulu yanuyo ndi ya mpingo, ndipo iwe ndiwe malume ake komanso mphunzitsi wake. Sindikufuna kuyamba kuganiza zambiri.

Ndine mchemwali wako.

3 Malichi

Achemwali,

Kalata yanu yandipeza. Ife kuno tili bwino, ana akukula, mlamu wanu akupereka moni. Pepani za msanawo. Muzipinda mawondo ponyamula munthu, musamawerame.

Katswiri aliko. Masiku ano wachepetsako kudya ndipo akumatopa msanga, koma tikumuyang'anira. Musade nkhawa kwambiri. Lipoti lichedwa pang'ono, pali zina zimene a ku ofesi akukonza.

Mwanditonza za mafumu akufa. Temu ino ndi a Fomu 3 tinali pa Aroma akale ndi mmene ankazunzira Akhristu oyamba. Inu mukudziwa kuti chimene chimandiwawa ine ndi kuona mwana akuloweza zaka ndi maina, kulemba mayeso, kukhoza, kenako kutuluka pageti osadziwa kuti anthu amenewo anali ndi magazi ndi mantha ngati iyeyo. Ana athu kuno amaimba za ofera chikhulupiriro akuyasamula. Ndiye ndinayesa njira ina yophunzitsira. Sinayende monga ndinkaganizira. Ndi nkhani yaitali, yofunika kukambirana pamaso.

Chimodzi chokha ndikupempheni. Mukamamulembera mwanayu, musatchule za malikisi kapena za nambala wani. Mungomuuza za nyengo ya kumeneko ndi za mayi mukuwasamalawo.

Ndine mlongo wanu.

19 Malichi

Mlamu wanga,

Moni. Sindifunsa za ana lero, undikhululukire, mutu wanga sukugwira. Ndalembera iwe chifukwa mwamuna wakoyo akundizungulira. Kalata yake ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindiro. Munthu amene zolemba zake zimaima chilili ngati asilikali, lero mizere ikutsetsereka. Akubisa chiyani?

Mwana wachepetsa kudya. Akutopa msanga. Lipoti palibe. Ndisatchule za malikisi. Mlamu, ine ndine mkazi, ndinaberekapo. Usandinamize: kodi mwanayo ali ndi pakati? Ndi wa ndani? Mnyamata wa pasukulupo, kapena mphunzitsi mnzake wa mwamuna wakoyo amene akumutchinjiriza? Sukulu imeneyo ndikuidziwa, akangodziwa amulongedzetsa tsiku lomwelo, ndipo dzina lake alitchula pamapemphero a m'mawa kuti anzake atengerepo phunziro.

Dzulo ndinagwetsa kapu ya mankhwala ya mayi uja. Ndili ndi mantha, mlamu. Undiuze zoona ngakhale zikhale zowawa chotani.

Kapepala kali m'katika umupatse mwini wake.

Katswiri,

Ndikudziwa kuti pali chimene wachita. Ngati ndi chimene ndikuganizachi, wandipha ine mayi ako ndili moyo. Ndinakuphunzitsa kugwada usanadziwe kuyenda. Sindikudziwa ngati ndingathe kukuyang'ananso kumaso.

Mayi ako.

6 Epulo

Alamu,

Kalata yanu inafika Lachinayi, ndipo ndikanadziwa zimene zinali m'kapepala kaja ndikanakaponya pamoto. Ndinangopereka osawerenga. Khalani pansi kaye, chifukwa zimene mukuganizazo si zimenezo. Mwana alibe pakati. Kuchipatala anamuyeza, ine ndili pomwepo. Koma musapume msanga, chifukwa chimene chilipochi ine chikundiopsa kuposa mimba.

Kumayambiriro kwa temu, bambo a kunowa anatenga mbale yanga ya malata kukhitchini, ati akufuna akaphunzitsire. Anakaiika patebulo m'kalasi, anajambula mutu wa mfumu ya Aroma pabolodi, anaphwanya choko mpaka chinasanduka fumbi. Kenako anauza ana kuti, “Lero ine ndine kazembe wa mfumu. Kale Mkhristu akagwidwa ankauzidwa kuti aponye lubani pang'ono pamaso pa chithunzi cha mfumu, akane Ambuye wake, apite kwawo ali moyo. Nanunso mubwera mmodzimmodzi. Mutape fumbi ili, muponye m'mbalemu, munene kuti mfumuyi ndiye mbuye wanga, winayo sindikumudziwa. Wokana kutero ndimuchotsera malikisi makumi awiri pamayeso.”

Ati ankafuna kuti ana amve kulemera kwake. Anzake onse anaona kuti ndi sewero. Ankabwera akuseka, akudzigunda pachifuwa, n'kukana kuponya fumbilo. Mnyamata wina wamakani anakuwa kuti, “Ndiponyeni kwa mikango, aphunzitsi, ndilibe nazo ntchito!” Kalasi yonse kuwomba m'manja.

Koma Katswiri amakhala m'nyumba muno. Amawadziwa amalume ake kuti pa malikisi saseka ndi munthu. Anawaonapo patebulo lodyera pano akumuchotsera iye yemwe malikisi chifukwa cholakwitsa chaka chimodzi, ine ndikuchonderera. Ndiye iye yekha m'kalasi monse ndi amene anakhulupirira. Anawerengera mumtima kuti akachotseredwa, nambala wani yapita. Anaimirira, anatapa fumbi lija, anaponya, ananena mawu aja bwinobwino. Alamu, mwana amene amatsogolera mapemphero a sukulu yonse! Akuti mtsikana wina kumbuyo anati, “Wakana.”

Bambo anayesa kunena kuti linali sewero chabe, palibe amene achotseredwe kanthu. Iye anayankha kuti, “Kwa enawa linali sewero. Ine ndimadziwa kuti ndi zenizeni, ndipo ndachita.”

Kuyambira tsiku limenelo sapemphera. Akuti alibe pakamwa potchulira dzina limene analikana. Ndipo poti chibadwire sanaikepo chakudya m'kamwa osapempherera, kudya nakonso anasiya. Ndikamupempherera ine, amati pemphero langa ndi la mbale yanga. Amamwa madzi, nthawi zina tiyi, ndipo ndikalira kwambiri amanyema kabuledi kuti andichotse pamaso pake. Siketi ya yunifolomu ndaibweza kale kawiri m'chiuno.

Makolo atamva anabwera pasukulu ali moto, ati mphunzitsi akukanitsa ana Ambuye. Abusa a pasukulu pano, pofuna kudzudzula bambowa, analalikira pamzere wa m'mawa za chimene chimadikira munthu wokana Ambuye pamaso pa anthu. Ankaloza bambo, koma mawu onse anagwera mwana. Anakomoka pamzere pomwepo. Ndi tsiku limene tinapita naye kuchipatala, anamuika diripi, anatibweza ati matenda sakuwaona. Abusawo anabwera kunyumba kudzapepesa ndi kumuuza za chikhululukiro. Iye anangowafunsa kuti, “Nanga zija munanena pamzere zija zinali zabodza?” Abusawo anangopemphera n'kumapita.

Bambo awaimitsa ntchito mpaka akuluakulu a bodi adzakhale pansi. Phunziro la Aroma alithetsa. Ana akungokopera manotsi a njira za malonda kwa mphunzitsi wa jogalafe.

Tsono kapepala kanu kaja. Anakawerenga ataimirira pakhomo la kuchipinda, anakapinda bwinobwino, n'kunena kuti, “Amayi adziwa.” Ndinamuuza kuti inu mumaganiza za mimba. Sanandikhulupirire. Kuyambira Lachinayi lomwelo ngakhale kabuledi kaja wakana.

Lembani msanga, alamu. Ine nzeru zandithera, ndipo ndikamamusambitsa ndikumawerenga nthiti.

Ndine mlamu wanu.

11 Epulo

Achemwali,

Mlamu wanu wandiuza kuti wakulemberani zonse. Wachita bwino. Ine ndinalibe mtima. Munditukwane mmene mungathere, ndilandira, koma poyamba mumve ichi.

Phunziro lija linali ndi mbali ziwiri. Tsiku la mbale ija linali loyamba chabe. Piriyodi yotsatira ndinkayenera kuwaphunzitsa zimene zinachitika mazunzo atatha. Chifukwatu si onse amene anapirira, achemwali. Ambiri anaponya lubani, ena mpaka atsogoleri a mpingo. Pambuyo pake anabwerera akulira, ndipo mpingo unakangana kwambiri kuti atani nawo. Ena ankati asalowenso. Koma ambiri anagwirizana zowalandira, ndipo anawalandiradi. Phunziro lenileni linali limenelo. Anandiimitsa ndisanaliphunzitse, ndiye mwana anatsala pakati pa nkhani, pamalo oipitsitsa.

Mudzati bwanji osangomuuza kunyumba? Ndamuuza. Ndamuwerengera m'buku, ndagwada pambali pa bedi lake. Mukudziwa chimene anandiyankha? “Pakhomo pano ndinu amalume, mukhoza kundinamiza kuti ndidye. M'kalasi ndi mmene simunama. Zikanakhala zoona bwenzi ahedi atakulolani kuziphunzitsa.”

Ndinapita kwa ahedi kukapempha piriyodi imodzi yokha. Si munthu woipa, koma nawonso akuopa makolo ndi a bodi. Anandiuza kuti, “Aphunzitsi, mukangoponda m'kalasi bodi isanakhale, ntchito yatha pomwepo, ndipo makiyi a nyumba ya sukulu mubweza.” Bodiyo akuti ikhala kumapeto kwa mwezi wamawa. Ndinamuyang'ana mwana madzulo ano akulephera kukweza kapu ndi dzanja limodzi. Safika kumeneko.

Ndili ndi mantha, achemwali. Ndili ndi ana ang'onoang'ono, ndipo palibe sukulu ya mpingo imene idzandilembenso ikamva chifukwa chimene ndachotsedwera. Choipitsitsa n'chakuti ndikhoza kutaya zonsezi iye osadyabe. Mlamu wanu wangoti, “Pitani, makatoni olongedzera katundu ndipempha kugolosale.” Lolemba a Fomu 3 ali ndi mbiri yakale piriyodi yachitatu. Ndimunyamula mwanayo ndikamukhazike pampando wake, ndipo ndikalowa.

Ndine mlongo wanu.

22 Epulo

Katswiri, mwana wanga,

Uli bwanji, mayi? Wadzuka bwanji lero? Ndalandira kalata ya anti ako ndipo ndikulemba ndili chiimire, sindikutha kukhala pansi.

Kapepala kaja ukang'ambe. Ndinkaganiza kuti uli ndi mimba, ndikulumbira, za mbale ija sindinkadziwa chilichonse. Ndipo ngakhale ikanakhala mimba, mawu amene aja sanali oyenera kutuluka mwa mayi. Amene anakutuma kutapa fumbi lija ndi ine. Kalata iliyonse nambala wani, nambala wani, ngati ndinabereka lipoti. Ngati pali woti ayankhe mlandu pamaso pa Mulungu, ayambe ndi ine.

Idya, mwana wanga. Ndikukupempha, ndagwada. Ngati sungathe kupempherera, ine ndikumapempherera kuno m'mawa, masana ndi madzulo, ndikumatchula mbale yako, osati yanga.

Ndinapempha kuti andilole ndibwere. Andiuza kuti ndikachoka mgwirizano wa ntchito usanathe, chikalata chokhalira kuno achifafaniza ndipo sindidzabwereranso. Ndiye fizi yako idzachokera kuti? Ndikuzungulira m'chipinda muno osadziwa chochita. Ndikamva belu la pakhomo ndimaganiza kuti ndi uthenga wa maliro. Ndilembere ndi dzanja lako, ngakhale dzina lako lokha, kuti ndidziwe kuti ukadalipo.

Mayi ako.

9 Meyi

Amayi,

Ndikadalipo. Muli bwanji? Msana uli bwanji? Pepani zolemba zanga zapindika, dzanja likumatopa.

Kalata yanu inatipeza titasamuka kale. Mlonda wa pageti ndi amene anatibweretsera. Tikukhala m'zipinda ziwiri kuseri kwa malo owotcherera zitsulo, ndipo mabuku a amalume akadali m'makatoni chifukwa palibe poika.

Ndikuuzeni za Lolemba lija. Amalume anandigwira mkono mpaka m'kalasi. Mphunzitsi wa jogalafe atawaona anangotola mabuku ake n'kutuluka. Anzanga onse anaweramitsa mitu. Amalume anatenga choko, chinawagwa, anatolanso. Atangoyamba kulankhula ahedi anafika n'kuima pakhomo. Ndinaganiza kuti aitana alonda. Anangoti, “Aphunzitsi, mukudziwa chimene mukuchita?” Amalume anati, “Ndikudziwa, bwana. Mundilole ndimalize piriyodi.” Ahedi sanalowe, komanso sanachoke.

Anaphunzitsa monga amachitira nthawi zonse, zaka pabolodi, kutifunsa mafunso, mpaka kumukalipira mnyamata wa mikango uja chifukwa cholemba manotsi ndi pensulo. Ndi pamene ndinadziwa kuti sakundinyengerera. Anati anthu amene anakana aja sankangolowa m'tchalitchi ngati palibe chachitika. Ankayamba aima panja pakhomo nthawi yaitali, anzawo akudutsa, iwo akupempha kuti awapempherere. Ine ndinakweza dzanja. Ndinafunsa kuti, “Nanga ankadya?” Wina anaseka pang'ono kenako analeka. Amalume anati, “Ankadya. Munthu sangaime pakhomo nthawi yonseyo ndi njala.” Ndinafunsanso kuti ankalowa bwanji. Anati sankadzilowetsa okha. Nthawi ikakwana ankawalowetsa, n'kuwasanjika manja pamaso pa onse.

Belu litalira ahedi anatambasula dzanja, amalume anaikamo makiyi.

Madzulo ake ndinamwa msuzi. Ndinasanza, koma mawa lake ndinamwanso. Tsopano ndikudya pang'onopang'ono, anti akumapempherera mokweza ine ndikumvetsera. Ndekha sindinayambe. Ndikatsegula pakamwa kuti nditchule dzina lija, mantha aja amabweranso. Musaganize kuti ndachira, amayi. Masiku ena ndikadzuka ndimaona ngati amalume ataya ntchito pachabe.

Kusukulu andilola kupitiriza. Lamulungu ndimapita kutchalitchi cha pasukulu n'kuima panja pakhomo. Abusa anatuluka kudzandiuza kuti ndilowe, ati palibe amene wandiletsa. Mtsikana anakuwa kuti ndakana uja anabwera kudzandikoka dzanja akulira. Ndinalephera. Ndimafika pa sitepe yomaliza n'kuima pomwepo. Amalume saloledwa kulowa pageti, ndiye amaima kunja kwa mpanda pamene ndingawaone, mpaka mapemphero atha.

Mwanena kuti munandituma ndi inu. Ayi, dzanja linali langa. Koma pamene ndinkatapa fumbi lija, nkhope imene ndinkaiona inali yanu, mukutsegula envulopu ya lipoti. Ndiye ndaganiza kuti wondilowetsa akhale inu. Abusa akhoza kusanjika manja awo, koma pa sitepe paja ndikufuna mundigwire inuyo.

Ndikudziwa chimene ndikupempha. Ndikudziwa kuti mukabwera simudzabwereranso, ndipo mwina sukulu ndidzalekera panjira. Ndaziganizira kwambiri, ndipo ndikuchita mantha polemba izi, chifukwa mwina mudzati ayi, ndipo sindidzakuimbani mlandu. Mukati dikira mpaka mgwirizano uthe, ndidikira, ndipo ndiyesetsa kumadya. Kungoti kwayamba kuzizira, amayi, ndipo pakhomo paja pamawomba mphepo. Mundiuze kuti ndiime mpaka liti.

Ndine mwana wanu.